Mfumu Yotseka Chilumba Nsomba Zikadalipo

Kumpoto kwa boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, kuli gombe lotchedwa Chikombe. Ukaima pagombe limeneli kunja kutayera bwino, n'kuponya maso kum'mawa, umaona chilumba cha Mbenje chitatumphuka pamadzi pamtunda wa makilomita pafupifupi 10. N'chilumba chaching'ono, chamiyala, koma madzi ochizungulira amadziwika kutali chifukwa cha utaka. Chaka chilichonse mwezi wa Disembala ukafika, mfumu imalengeza kuti chilumba chatsekedwa. Asodzi, ena a komweko ndipo ena ochokera m'maboma ena a m'mphepete mwa nyanja, amapinda makoka awo, amaola nsomba zomaliza pathandala, amakweza miphika ndi mphasa m'maboti n'kuwolokera kumtunda. Misasa imakhala pululu mpaka mwezi wa Epulo, pamene mfumu imaitananso anthu ku Chikombe kuti adzaone usodzi ukutsegulidwa. Zimenezi zakhala zikuchitika kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kudutsa m'nthawi ya atsamunda, ya chipani chimodzi, mpaka ino ya zipani zambiri. Chilumbacho chilibe mpanda, ndipo mfumuyo ilibe asilikali kapena ndende. Nsomba zimakhala zikadalipo m'madzimo, ndipo kumtunda njala imakhala ikuyamba kuluma, poti miyezi imeneyi ndi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitauma, chimanga chatsopano chisanache. Komabe anthu amachoka.

Funso lakuti n'chifukwa chiyani amachoka ndi khomo labwino lolowera pa nkhani ya utsogoleri. Mabuku ambiri ofotokoza za mtsogoleri wabwino amandandalika makhalidwe: nzeru, kulimba mtima, kuyankhula mogwira mtima, kuona patsogolo, kudzichepetsa. Zonsezi n'zoona, koma mndandanda wotere sutithandiza kusiyanitsa mtsogoleri weniweni ndi munthu wongokhala pampando, chifukwa aliyense amene ali paudindo angathe kudzitamandira kuti ali nazo. Muyeso wodalirika ndi wina. Kutsatidwa pamene ukugawa zinthu si chinthu chovuta, ndipo aliyense wofika pamudzi ndi matumba a ufa kapena makuponi amaomberedwa m'manja. Utsogoleri umayesedwa tsiku limene mtsogoleri wauza anthu ake kuti asiye chinthu chimene akuchifuna, chimene angathe kuchitenga iye atatembenuka, ndipo iwo n'kuchisiyadi. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti kumvera kotere sikugulidwa ndi mphatso ndiponso sikuchirikizidwa ndi mantha okha. Kumabwera anthu akakhulupirira kuti lamulo lawamanga onse mofanana, kuyambira ndi woliperekayo, ndiponso kuti chimene asiya lero adzachipeza mawa. Makhalidwe onse a mtsogoleri amene ali ndi phindu ndi amene amamanga chikhulupiriro chimenechi.

Mbiri ya dongosolo la ku Mbenje imayamba ndi alendo. M'zaka za m'ma 1950, asodzi ochokera ku chilumba cha Likoma anafika kwa mfumu ya deralo, imene m'zolembedwa zakale za usodzi imatchulidwa ndi dzina la Msosa, kudzapempha malo oti azisodzapo. Anabwera ndi khoka la chilimira, limene anthu a ku Likoma analidziwa kalekale. Chilimira sichikokeredwa kugombe ngati makoka ena. Chimaponyedwa pakati pa nyanja, maboti awiri atagwira zingwe zake uku ndi uku, ndipo alovi, asodzi ogwira ntchito m'mabotimo, amachikoka mogwirizana, akuwerenga mmene madzi akuyendera, mpaka khokalo litafutukuka pansi ngati thumba n'kutsekera gulu la nsomba. Utaka umakonda kusonkhana pamwamba pa miyala ya pansi pa nyanja, pomwe madzi oyenda amabweretsa tizilombo tating'onoting'ono timene umadya, ndipo Mbenje ali ndi malo otere ochuluka. Chida chimenechi m'madzi amenewa chinali chuma chachikulu, komanso chinali chiopsezo, chifukwa chilimira chimodzi chimagwira nsomba zochuluka kwambiri kuposa mbedza ndi miono. Mfumu ikadatha kukana alendowo pofuna kuteteza za makolo, kapena ikadatha kuwalandira popanda mawu n'kumangodya zake. Inasankha njira yovutirapo: inawalandira, koma ndi malamulo. Lalikulu linali lotseka chilumba m'dzinja. Zifukwa zoyambirira sizinali za nsomba zokha. M'dzinja mphenzi ndi namondwe zimapha anthu panyanja, kumunda kumafunika manja, ndipo pachilumbapo ndi malo a mizimu ya makolo imene iyenera kulemekezedwa. Koma dzinja ndi nthawinso imene mitundu yambiri ya nsomba za m'nyanja yathu imaswana. Utaka, monga chambo, umasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndiye kuti wogwira mayi mmodzi pa nthawi yolakwika wapha ana ambiri amene sanawaone n'komwe. M'kupita kwa zaka, pamene nsomba zinayamba kuchepa m'madera ena, chifukwa chimenechi chinakula mpaka kukhala mutu wa dongosolo lonse.

Kuti timvetse kukula kwa chimene chinachitika ku Mbenje, tiyenera kuona mmene msodzi aliyense amaganizira, ndipo kuganiza kwake si kopusa. Iye amati: ndikaisiya nsomba iyi lero, mnzanga aigwira usiku uno, ndiye bola ndiigwire ndine. Aliyense akaganiza chomwecho, nyanja imatha, ngakhale palibe ndi mmodzi yemwe amene amafuna kuti ithe. Wasayansi wa ku America, Garrett Hardin, analemba za vuto limeneli mu 1968, ndipo anaona ngati chuma cha onse chingapulumuke pokhapokha boma litachilanda kapena chitagawidwa kwa eni ake. Ife sitifunika kupita kutali kuti tione zimene ankaopa. Ku nyanja ya Malombe, chambo chogwidwa pa chaka chinkaposa matani 8,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma patangotha zaka khumi sichinkafika ngakhale matani 1,000. Makoka a maso aang'ono, monga nkacha ndi kambuzi, anakokolola ana a nsomba n'kuzula udzu wa pansi pomwe chambo chimaswanira. M'dziko lonse la Malawi, nsomba zimene munthu mmodzi ankadya pa chaka zinatsika kuchoka pa makilogalamu pafupifupi 14 m'zaka za m'ma 1970 kufika pochepera theka la pamenepo patapita zaka makumi atatu. Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru sizinasowe. Akatswiri Bertram, Borley ndi Trewavas anafufuza za nsomba za m'nyanjayi mu 1939, Rosemary Lowe anafufuza za chambo kuyambira 1945 mpaka 1947, ndipo boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la usodzi mu 1949. Boma la Malawi nalonso lakhala ndi malamulo a kukula kwa maso a khoka ndi nthawi yotseka nyanja. Malamulo analipo papepala. Chinasowa ndi munthu pagombe amene mawu ake akanamveka wapolisi atachoka.

Khalidwe loyamba limene limachititsa mawu kumveka ndi kudziletsa kwa mtsogoleri mwini, ndipo apa m'pofunika kukhalitsa chifukwa ambiri amagwera pomwepa. M'magombe ambiri a dziko lino, mfumu imalandira nsomba za ulemu kuchokera kwa asodzi, zimene kumadera ena amazitcha mawe, ndipo mlendo wofuna kumanga msasa amayamba waonekera kwa mfumu. Ndiye kuti gombe likadzaza maboti, mphika wa kwa mfumu nawonso umanona. Mfumu yotseka gombe lake kwa miyezi inayi ikudzitsekera yokha pakamwa, ndipo asodzi amadziwa bwino zimenezi popanda wowauza. Lamulo lotere limalemera mosiyana ndi lamulo la munthu amene saluza kanthu poliika. Tangoganizani zimene zingachitike kutamveka mphekesera yakuti boti la mphwake wa mfumu laoneka ku Mbenje mu Febuluwale, kapena kuti mwini makoka wina wolemera wapereka kangachepe n'kuloledwa kuponya usiku umodzi wokha. Sabata isanathe aliyense angakhale ali pamadzi, ndipo palibe angawadzudzule, chifukwa palibe munthu amafuna kukhala chitsiru chogona ndi njala anzake akudya. Paja akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Izi si zongoganizira. Pamene boma linayambitsa makomiti a m'magombe ku Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire mu 1993, limodzi mwa mavuto amene ofufuza analemba mobwerezabwereza linali lakuti mafumu ena ankalandira asodzi a makoka oletsedwa chifukwa cha mawe, pamene komiti ikuyesa kuwathamangitsa, ndipo mamembala ena a makomiti ankaona udindowo ngati njira yopezera ndalama za misonkhano. Lamulo linali labwino, koma anthu ankaona ndi maso awo kuti olisunga akudyerapo. Dongosolo limene lakhala zaka zoposa 60 popanda mfuti, monga la ku Mbenje, silikadafika pamenepa chikhala kuti asodzi ankaona khomo lakuseri lotsegukira abale ndi olemera.

Khalidwe lachiwiri ndi kusalamulira wekha. Munthu wongomva nkhaniyi patali angaganize kuti ku Mbenje kuli mfumu yoopsa imene imangotulutsa mawu anthu n'kunjenjemera. Koma mfumu sikhala pachilumba tsiku ndi tsiku. Amene amayang'ana maboti ofika, kuona maso a makoka, kumva madandaulo ndi kuweruza milandu ing'onoing'ono ndi komiti ya asodzi ndi akuluakulu a m'deralo, anthu odziwa nyanja ndiponso odziwana ndi amene akuwayang'anira. Malamulo ake aliyense amawadziwa asanaponde pachilumba: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, makoka a maso aang'ono ndi maneti a udzudzu ayi, kusodza ndi nyali usiku ayi, kupha njoka za pachilumba ayi. Wolakwa amalipitsidwa, chida chake chimalandidwa, ndipo wosamva amathamangitsidwa pachilumba, chilango chimene kwa msodzi chimawawa kuposa faindi iliyonse. Miyambo yotsegulira ndi yotsekera usodzi ku Chikombe nayonso si zisangalalo chabe. Ndi bwalo pomwe malamulo amanenedwanso poyera, pamaso pa asodzi, amalonda, mafumu ena ndi akuluakulu a boma, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve, komanso kuti woweruza asadzasinthe lamulo pakati pa mlandu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mtsogoleri wofuna kuti chilichonse chidutse m'manja mwake amatha ndi kukhala wosadziwa kanthu, chifukwa anthu amayamba kumuuza zokhazo zimene akufuna kumva. Kugawa mphamvu kuli ndi phindu linanso limene nthawi zambiri siliwerengedwa: msodzi amene anakhalapo pokambirana lamulo amaliona ngati lake, ndipo akaona mnzake akuliphwanya amamva kuti akuberedwa iyeyo, osati mfumu kapena boma.

Chachitatu ndi kukhazikika, ndipo ichi chimafuna nthawi imene atsogoleri ambiri safuna kudikira. Chilumba chikadatsekedwa chaka chino, chaka chamawa n'kusiyidwa chifukwa kuli njala, chaka chinacho n'kutsekedwa mwezi umodzi wokha chifukwa kukubwera chisankho, bwenzi palibe amene akukonzekera kutsekako. Poti aliyense akudziwa kuti Disembala akafika kulibe kuchitira mwina, msodzi amasunga kandalama, amalima munda, amakonzeratu boti ndi kusoka khoka m'miyezi yopumayo. Epulo akafika n'kuona utaka wonona ukudzaza maboti, lamulo limadzichitira lokha umboni, ndipo chaka chotsatira kumvera kumapepukirako. M'zaka za m'ma 1990, pamene boma linavomereza kuti silingathe kulondera nyanja yonse lokha, akuluakulu a nthambi ya za usodzi anatembenukira ku Mbenje ngati chitsanzo. Mawu a mfumu ya kumeneko anamveka pa wailesi ya MBC m'pulogalamu ya Usodzi wa Lero, ndipo lamulo latsopano la usodzi la 1997 linatsegula njira yoti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Pambuyo pake ofufuza a ku yunivesite ya Mzuzu ndi ya Strathclyde ku Scotland anayerekeza utaka wa ku Mbenje ndi wa m'madzi ena amene amayendera malamulo a boma okha, ndipo anapeza kuti wa ku Mbenje unali wokulirapo ndi wathanzi. Asayansi anafika ndi sikelo patapita zaka zambiri kudzatsimikizira zimene asodzi ankaziona kale pathandala.

Pali ena amene amatsutsa kuti zonsezi si utsogoleri koma mantha a mizimu. Amati anthu amachoka pachilumba chifukwa choopa mphenzi ndi njoka za makolo, ndipo mantha amenewo akadzatha ndi sukulu ndi zipembedzo, dongosolo lidzagwa. Mfundoyi siyenera kunyozedwa, chifukwa chikhulupiriro chilidi pakati pa nkhaniyi: nsembe zimaperekedwa, ndipo ambiri amakhulupirira kuti kuphwanya mwambo kumaitana tsoka. Koma malo opatulika analipo ambiri m'dziko muno. Nkhalango za kumanda ndi mapiri a nsembe zinali zoopedwa, ndipo zina mwa izo lero zinasanduka makala. Mizimu ya kumeneko sinali yofooka kuposa ya ku Mbenje. Chinasiyana n'chakuti kumeneko kunalibe wowuimirira mwambowo pamene njala ndi ndalama zinafika, kapena woyenera kuwuimirirayo ndi amene anayamba kugulitsa mitengo. Komanso asodzi a ku Mbenje si a mtundu umodzi kapena chipembedzo chimodzi. Pali Asilamu, pali Akhristu a mipingo yosiyanasiyana, pali alendo amene makolo awo sanagone pachilumbapo, ndipo onsewa amamvera. Malamulo oletsa maneti a udzudzu sangakhale ochokera kwa makolo akale, amene sanawaonepo maneti otere. Anawonjezedwa ndi anthu amoyo ataona vuto latsopano, ndipo anaikidwa m'chilankhulo ndi m'mwambo umene anthu amaulemekeza kale. Kudziwa kuyankhula ndi anthu kuchokera pa zimene iwo amaziona kuti n'zopatulika, m'malo mowabweretsera mawu a mu ofesi, ndi luso la utsogoleri, osati umboni wakuti utsogoleri palibe.

Ena amati Mbenje ndi chilumba, ndipo chilumba n'chosavuta kulondera: njira yofikirako ndi imodzi, boti lililonse limaoneka patali, pamene gombe lalitali ngati la ku Senga Bay kapena Chipoka lili ndi makomo osawerengeka. Izi n'zoona ndithu, ndipo n'chifukwa chake kungokopera malamulo a ku Mbenje n'kukawapachika pagombe lina sikungabale zipatso zomwezo. Koma nyanja ya Malawi ili ndi zilumba zina, ndipo si zonse zimene zili ndi mbiri yotereyi. Malo amathandiza mtsogoleri, sam'lowera m'malo. Chodandaulitsa kwambiri ndi china: chilumba chikatsekedwa, asodzi ena amangosamukira kumagombe ena n'kukapanikiza nsomba za kumeneko, ndipo mlovi wosauka amene alibe munda kapena boti lake ndi amene amamva kuwawa kwa miyezi inayi ija kuposa mwini makoka. Apa palibe yankho lokoma. Lamulo lililonse loteteza za mawa limalipiridwa lero, ndipo kawirikawiri wolipira kwambiri ndi wosauka. Chimene tinganene n'chakuti nsomba zikatheratu, monga zinachitikira ndi chambo cha ku Malombe, wolemera amagulitsa injini yake n'kuyamba malonda ena, pamene mlovi amatsala pagombe wopanda kolowera. Mtsogoleri woopa kukhumudwitsa osauka lero n'kulekerera nyanja kuti ithe sanawachitire chifundo.

Chitsutso cholemera kuposa zonse chikukhudza amayi ndi ufumu womwe. Ku Mbenje amayi saloledwa kuponda pachilumba. Oikira kumbuyo lamuloli amati limateteza mabanja, limachepetsa ndewu, ndipo limatseka njira ya mchitidwe wogula nsomba ndi thupi umene wafalitsa matenda m'magombe ambiri. Zifukwazi n'zomveka, koma sizithetsa nkhani. Amayi ndi amene amagwira gawo lalikulu la ntchito yowamba, kuyanika ndi kugulitsa nsomba m'dziko lino, ndipo mayi wamalonda wodikira ku Chikombe amagula nsomba zitadutsa kale m'manja mwa wina. Komanso vuto la khalidwe la amuna likuthetsedwa pochotsa akazi. Kuwonjezera apo, mfumu sisankhidwa ndi voti, ndipo ikalakwitsa anthu alibe tsiku loikika loichotsera. Amene amakonda dongosolo la ku Mbenje sayenera kubisa zimenezi. Koma tikayang'anitsitsa, chitsutsochi chikulimbitsa mfundo yathu m'malo moigwetsa. Ngati mphamvu ya lamulo ili pa chikhulupiriro chakuti limamanga onse mofanana, ndiye kuti pamene pali gulu limene likusenza mtolo popanda mawu ake kumveka, pamenepo m'pamene pali mng'alu, ndipo mtsogoleri wanzeru amapita kukamvetsera mng'aluwo usanakule. Ufumu womwewo ungathenso kutembenukira mwambo ukamapweteka anthu. Kum'mwera kwa Salima, m'dera la Dedza lofika kunyanja, Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto, amene analowa ufumu mu 2003 atagwira ntchito ya ukalaliki kwa zaka zambiri pa koleji ina ku Zomba, anathetsa maukwati a ana mazanamazana, anabwezera atsikana kusukulu, ndipo anaimitsa paudindo mafumu ang'onoang'ono amene ankalola maukwatiwo. Anayamba kulimbana ndi mchitidwewu malamulo a dziko asanakhwime, poti lamulo la maukwati linadza mu 2015 ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Mfumu ya ku Mbenje inasunga mwambo, Kachindamoto anauthyola, koma ntchito yawo inali imodzi: kuuza anthu kuti asiye phindu la lero, kaya ndi dengu la utaka kaya ndi chuma cholowa pakhomo mwana akakwatiwa, ndi kuyamba chilango ndi a pafupi ndi mpando.

Zimene asodzi a ku Salima akhala akuchita zili ndi abale ake kutali. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel pa za chuma mu 2009, anatha zaka zambiri akufufuza midzi imene inasamala chuma cha onse kwa mibadwo: msipu wa m'mapiri a ku Switzerland, nkhalango za ku Japan, ngalande zothirira za ku Spain ndi ku Philippines, usodzi wa ku Alanya m'dziko la Turkey. Anapeza kuti Hardin sanaone njira yachitatu. Kumene zinthu zinayenda bwino kunali malire odziwika, malamulo ogwirizana ndi malowo, ogwiritsa ntchito chumacho ankatenga nawo mbali popanga malamulo, olondera ankayankha kwa anthu omwewo, zilango zinkakula pang'onopang'ono, ndipo boma linkalemekeza ufulu wa anthu wodzikonzera zinthu. Pafupifupi zonsezi zimapezeka ku Mbenje, kumene zinayamba Ostrom asanalembe buku lake la mu 1990 lofotokoza zimenezi. Ndipo sizikhudza nsomba zokha. Mphunzitsi wamkulu woletsa aphunzitsi kuchedwa iye akufika dzuwa litakwera, mkulu wa mpingo wolalikira zopereka koma osaonetsa mabuku a ndalama, nduna youza anthu kuti amange malamba iyo ikuwonjezera magalimoto pamdipiti, onsewa akupempha anthu kuchoka pachilumba iwo akuponya khoka.

Dongosolo la ku Mbenje lili ndi malire ake, ndipo mavuto amene likukumana nawo lero ndi aakulu kuposa a m'zaka za m'ma 1950. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi, pamene wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni, ndipo achinyamata ambiri osowa minda ndi ntchito amathamangira kunyanja. Injini zapangitsa ulendo wa makilomita 10 kukhala waufupi, woti munthu angathe kupita usiku n'kubwerako kusanache. Maboti akuluakulu okoka makoka pansi pa nyanja, amene ziphaso zawo zimachokera ku boma, sali pansi pa mfumu iliyonse, ndipo komiti ya m'mudzi ilibe mafuta kapena mphamvu zowathamangitsira akalowa m'madzi osayenera. Apa mfumu imafunika boma monga momwe boma linafunira mfumu: malamulo a m'deralo ovomerezeka kukhonsolo, khoti losabweza khoka loletsedwa kwa mwini wake mawa lake, ndi boti lolondera lokhala ndi mafuta. Palinso nkhani ya kulowa ufumu. Chikhulupiriro chimene chamangidwa kwa zaka zambiri sichilowa chokha mwa wolandira mpando, ndipo mkangano wa ufumu, umene wasokoneza madera ambiri m'dziko muno, ungathe kugawa asodzi m'magulu awiri, lililonse ndi mfumu yake yolilola kuchita zimene likufuna. Mabungwe ndi nthambi ya za usodzi amene akufuna kufalitsa chitsanzochi m'magombe a Salima, Nkhotakota ndi Mangochi angathe kulemba malamulo ndi kusankhitsa makomiti m'mwezi umodzi. Chimene chidzatenge zaka ndi kupeza pagombe lililonse anthu amene asodzi awaona akukana nsomba ya chiphuphu, kuwapatsa mphamvu zenizeni zolanda ndi kulanga, ndi kuwaimira kumbuyo tsiku limene wogwidwa ndi khoka loletsedwa adzakhale munthu wodziwana ndi akuluakulu.